Kodi achinyamata onse azikakamizidwa kutumikira dziko akamaliza Fomu 4?

Mwale wa kwa Santhe

Abale, ndithandizeni nzeru. M'misonkhano ya chitukuko kuno ku Kasungu mukumveka mawu awiri. Akuluakulu ena akuti boma liike lamulo lakuti mwana aliyense akalemba mayeso a Fomu 4 azipita kukatumikira dziko chaka chathunthu, afune asafune, ngati mmene zinkakhalira nthawi ya apayoniya. Ena akuti ayi, tingolimbikitsa ntchito zongodzipereka kudzera m'makalabu a achinyamata. Zoti ana athu akungokhala pa Santhe, pa Chinkhoma ndi pa Chamama opanda chochita, palibe akutsutsa. Ndikufuna kudziwa zinthu zitatu. Lamulo likulola kukakamiza? Zingadye ndalama zotani? Nanga ntchito yeniyeni yomwe angagwire ndi iti?

NaPhiri

A Mwale, tiyambe takonza mbiri. Upayoniya sunali wa mwana aliyense. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, alangizi ake oyamba anachokera ku Israel, ndipo linkatenga achinyamata owerengeka kupita nawo kumabesi monga Nasawa ku Zomba ndi Amalika ku Thyolo. Kumeneko ankaphunzira ulimi, ukalipentala, zomangamanga ndi pelete, ndipo ena akamaliza ankapatsidwa minda m'masikimu. Chomwe chinkakhudza aliyense chinali Sabata ya Achinyamata, pomwe ana asukulu ndi anthu akumudzi ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kumanga midadada ya sukulu. Anthu akamakumbukira amasakaniza ziwirizi.

Asamaiwalenso mbali inayo. Gululi linali la chipani. Apolisi sankaloledwa kumanga payoniya popanda chilolezo cha akuluakulu ake, ndipo anthu ankabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi. Mapeto ake anali Operation Bwezani mu Disembala 1993, pomwe asilikali analanda zida gululi, ena n'kuthawira ku Mozambique.

Tsopano lamulo. Gawo 27 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limabwerezanso zomwezo. Mu 1999 Malawi anavomereza mapangano awiri a ILO, bungwe loona zantchito pa dziko lonse. La nambala 29, la mu 1930, limapatula zinthu zochepa zomwe sizitengedwa ngati ntchito yokakamiza, monga usilikali weniweni, ngozi zadzidzidzi ngati kusefukira kwa madzi, ndi tintchito ting'onoting'ono tapamudzi tomwe eni mudziwo afunsidwa kaye n'kugwirizana. La nambala 105, la mu 1957, limakaniza boma kusonkhanitsa anthu mokakamiza kuti agwire ntchito zachitukuko. Choncho kulambula njira ya kumanda kapena kutuutsira mchenga pa sukulu, mudzi utagwirizana, kulibe mlandu. Koma kutenga mnyamata wa zaka 19 chaka chonse kuti azikumba misewu popanda kufuna kwake, nkhaniyo ikhoza kukathera kukhoti.

Kuno kwathu mawu akuti thangata sitiwamva ngati nthano. Anali m'gulu la zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo utenanti wa m'maesiteti a fodya, womwe Kasungu amaudziwa bwino, waletsedwa ndi lamulo mu 2021 pomwepa. Kubweretsanso ntchito yopanda malipiro ndi dzina lina kungakhale kubwerera m'mbuyo.

Chisale wa ku Nkhamenya

Mayi NaPhiri, zalamulo mwalongosola bwino, koma musatseke khomo lonse. Maiko ena a mu Africa muno akuchita ndipo sanagwe nazo. Nigeria anayambitsa NYSC, ndondomeko yoti achinyamata azitumikira dziko, mu 1973, nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1970. Omaliza maphunziro apamwamba osapitirira zaka 30 amakhala masabata atatu pakampu, kenako amatumizidwa chaka chimodzi kudera lomwe si lakwawo, akulandira alawansi mwezi ndi mwezi. Ghana nayenso ali ndi chaka chimodzi cha omaliza kukoleji. Tanzania anaimitsa yake yokakamiza mu 1994, n'kuibwezeretsa mu 2013 kwa omaliza Fomu 6, ya miyezi itatu yokha.

Taonani kuti onsewa sagwira mwana aliyense. Amagwira amene dziko lawonongerapo ndalama zambiri. Ine maganizo anga ali pomwepo. Wophunzira unamwino, uphunzitsi, zaulimi kapena zomangamanga ndi ndalama za misonkho asayiniretu polowa kuti akamaliza adzagwira chaka chimodzi kumudzi, pa ntchito yomwe anaphunzirayo, molipidwa. Wakana, abweze ndalamazo. Pamenepo palibe thangata chifukwa munthu wasankha yekha asanayambe. Sukulu za kwa Chulu ndi kwa Wimbe zimavutika kusunga aphunzitsi, zipatala zing'onozing'ono nazonso chimodzimodzi, pomwe achinyamata a madipuloma akungoyenda ndi maenivelopu ku Lilongwe.

Phindu lina ndi kudziwana. Mwana wa ku Nsanje akakhala chaka kuno n'kumva Chitumbuka cha ku Nkhamenya, wa kuno n'kukakhala ku Mulanje, nkhani za zigawo zija zimachepa mphamvu.

aBanda a kwa Chulu

Ine ndiyankhe funso lachiwiri, la ndalama, chifukwa apa m'pomwe maganizo okomawa amafera.

Chaka chilichonse olemba MSCE amaposa 150,000. Tiwerengere amenewo basi, ngakhale ambiri safika n'komwe Fomu 4. Munthu wogwira ntchito yamanja mumupatse theka la kilogalamu ya ufa patsiku. Masiku 300 ndiye makilogalamu 150 munthu mmodzi, matumba atatu a makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi matumba 450,000, ufa wokhawokha. Simunagule nyemba, mafuta, mchere, nkhuni, yunifolomu, jombo, bulangete, neti ya udzudzu, makasu, mankhwala, kapena kulipira alangizi ndi magalimoto owanyamula.

Kenako pogona. Mukawaika 500 pa kampu imodzi mukufunika makampu 300, kutanthauza oposa 10 m'boma lililonse mwa maboma 28. Muyeso womwe amatsata pamalo osonkhana anthu ambiri ndi chimbudzi chimodzi kwa anthu 20 ndi malita 15 a madzi munthu mmodzi patsiku. Kampu ya 500 ikufuna zimbudzi 25, za atsikana pazokha, ndi malita 7,500 tsiku lililonse. Mjigo umodzi amauwerengera anthu 250, ndiye mijigo iwiri, ndipo umodzi ukathyoka ndodo mzere umayamba 3 koloko m'bandakucha. Apa m'pomwe matenda amalowera. Madzi akachepa, choyamba kusiyidwa ndi kusamba m'manja ndi kutsuka mbale, ndipo ophika akangodwala kampu yonse yagwa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Anzathu a ku Zambia ankakakamiza omaliza sekondale kulowa Zambia National Service m'zaka za m'ma 1970, ndipo anasiya matenda a taifodi atapha achinyamata pa kampu ina.

Palinso za atsikana. Kampu yopanda matroni, yopanda loko pachitseko, yopanda njira yokadandaulira kwa munthu wina amene si mkulu wa pakampupo, imatulutsa mimba ndi milandu yomwe siimveka. Makolo a kuno sangalole, ndipo akhala akulondola.

China chomwe a kutawuni saona n'chakuti mnyamata wa zaka 19 kumudzi kuno si wongokhala chaka chonse. Seputembala ndi Okutobala ali kudambo kuthirira nazale ya fodya, Disembala akuwoka, Januwale mpaka Malichi akuthyola ndi kusoka, kenako kusankha ndi kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Kwina soya ndi mtedza. Mukamuchotsa pakhomo la mayi wamasiye chaka chathunthu, mwachotsa khasu lomwe limadyetsa banjalo. Boma linakhazikitsa National Youth Service ku Neno mu 2022, yolowa mwakufuna kwa munthu. Tiyambe taona ngati ingathe kulandira onse ofuna, tisanakambe zogwira osafuna.

Mlangizi Tembo

Funso lachitatu ndi lomwe lili ndi ntchito yoti muyambe mawa, a Mwale, osadikira Nyumba ya Malamulo. Njira ilipo kale. Kalabu ikhale ndi malamulo ake olembedwa ndi komiti, idziwike kwa nyakwawa ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ntchito yake ilowe m'mapulani a komiti ya chitukuko ya dera (ADC), ndipo ilembetse ku ofesi ya achinyamata ya pa boma. Anthu 20 mpaka 25 ndi okwana. Akapitirira pamenepo ena amangobwera kudzalembetsa dzina.

Makalabu amafa chifukwa chopatsidwa ntchito yopanda malire, monga "kuteteza chilengedwe". Apatseni ntchito yowerengeka yokhala ndi tsiku lothera. Nditenge nazale ya mbande 10,000, zomwe pa mpata wa mamita awiri mbali zonse zimadzaza mahekitala anayi.

Malo akhale pafupi ndi madzi osaphwa mu Okutobala, apo ayi musayambe n'komwe. Julaye ndi Ogasiti mangani mpanda wa udzu, sefani dothi, sakanizani magawo atatu a dothi lapamwamba, gawo limodzi la manyowa owola bwino ndi limodzi la mchenga. Manyowa osawola amawotcha mbande, dothi lamakande lokha limauma gwa n'kukana madzi. Anthu 20 aliyense akadzaza machubu 100 patsiku, masiku asanu ntchito yatha. Zida ndi makeni anayi, wilibala imodzi kapena ziwiri, mafosholo, sefa ndi chingwe. Zisungidwe kwa msungichuma, ndipo wotenga azisayina m'buku, chifukwa keni ikangolowa kudimba la munthu sibwerera.

Kufesa ndi kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Njere za khungu lolimba monga mtangatanga, mthethe ndi msangu muziteme pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, osati kumene kumatulukira muzu. Msangu ufesedwe mochedwerapo chifukwa muzu wake umathamanga n'kuboola chubu. Kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo, ndipo apa m'pomwe kalabu imayesedwa. Gawani anthu awiriawiri, ndandanda ipachikidwe pampanda, wolephera apeze yekha womulowa m'malo. Masiku awiri osathirira mu Okutobala akwanira kupha ntchito ya miyezi itatu. Masabata awiri aliwonse sunthani machubu kuti mizu isalowe pansi. Kukatsala masabata atatu kapena anayi kuti muwoke, chotsani mthunzi n'kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime.

Nyengo yobzala mitengo imayambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kuno musadikire mwambo. Mtengo wobzalidwa mu Malichi supeza mvula yokwanira kuzika mizu. Maenje a masentimita 30 mbali zonse akumbidwiretu, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale zonse zikhale zili m'nthaka. Chubu chivulidwe. Mitengo yambiri imafa chifukwa ana anaikwirira ndi pulasitiki yomwe. Ikatero ntchito sinathe ayi. Pali kupalira, kulambula njira yotchinga moto mu Meyi ndi Juni osaka mbewa asanayatse tchire, ndi kugwirizana ndi amfumu za mbuzi zomwe zimamasulidwa anthu akakolola. Muwerenge mitengo yamoyo mu Okutobala wotsatira, osati yobzalidwa.

Funso la mwini nkhalangoyo likambidwe poyamba, pamaso pa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, n'kulembedwa. Achinyamata akadziwa kuti milimo ndi nkhuni zikadzakula gawo lina n'lawo, simuwathamangitsa kuti abwere. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Zoumba njerwa za sukulu muchepetse. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga sakulola njerwa zowotcha pa nyumba za boma, choncho ndi bwino anyamata ndi atsikana angapo aphunzire kuumba mabuloko a simenti, luso lomwe adzadyerepo.

Chisale wa ku Nkhamenya

A Tembo, ndondomeko yanu ndi yogwirika. Koma mawu akuti kudzipereka tisamale nawo. Alezi a sukulu za mkombaphala, ambiri a iwo amayi, agwira zaka ndi zaka osalandira kanthu, ndipo aliyense amawayamikira pakamwa basi. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imeneyo ndi ntchito, iyenera malipiro. Yongodzipereka ikhale ndi malire ooneka. Ku Rwanda ntchito yachitukuko yogwirira limodzi, yotchedwa umuganda, ndi Loweruka lomaliza la mwezi, m'mawa wokha. Kalabu isapitirire m'mawa uwiri pa sabata, kupatula masiku othirira. Vuto lina ndi mabungwe omwe amapereka alawansi pamsonkhano wa mudzi uno, mudzi woyandikana nawo ayi. Mawa lake mukaitana ntchito yaulere anthu amayamba afunsa ngati kuli kusayina.

NaPhiri

Pamenepo ndiye tagwirizana, a Chisale, ndipo za pangano la omaliza kukoleji lija sindikutsutsa, bola alipidwe pa nthawi yake. Kwa a m'makalabu, malipiro omwe khonsolo ingathe ndi umboni wolembedwa. Kaundula wa masiku asayinidwe tsiku lomwelo ndi mlembi wa kalabu pamodzi ndi mlangizi wa boma amene waona ntchitoyo, wa zankhalango kapena wa zaumoyo, osati kudzazidwa kumapeto kwa chaka. Satifiketi itchule ntchito ndi kuchuluka kwake, monga mbande zingati ndipo zamoyo zingati. Kenako ADC ipemphe kuti pepalalo lizionedwa posankha opita kumakoleji a ntchito zamanja a TEVETA kapena olembedwa pa ntchito za mthandizi. Mayina asachokere kwa munthu mmodzi, kaya ndi mfumu, khansala kapena wapampando wa chipani. Awerengedwe pabwalo anthu onse akumva, ndipo pa tsiku la ntchito pasaoneke nsalu kapena malaya a chipani chilichonse.