Mdala woimba country yekhayekha pa Bwandilo uja, alipo akumudziwa?

Mwana wa ku 25:
Abale thandizeni. Loweruka ndinali pa Bwandilo kudikira kanyenya apse, kunangotulukira mdala wina wa chipewa cha cowboy, gitala yomata ndi selotepi m'mbali, kamouth organ atakamangirira pa waya m'khosi. Alibe bandi, alibe sipika. Anaimba za country zachikale zinayi, mawu okhuthala ngati Jim Reeves, mpaka bala yapafupi anatsitsa volume okha. Tinamuponyera ma K500 m'chipewamo basi ulendo. Bambo anga akukwanitsa zaka 70 mwezi wamawa ndipo nyimbo zimenezi ndiye amazifera, ndikufuna akawaimbire kunyumba. Amapezeka kuti?

Wa Kabaza Mchesi:
Kkkk ameneyo ndinamuona pa depoti akukwera ya ku Mchinji, akukangana ndi kondakitala amene amati gitala nayo ilipire mpando. Sakhala malo amodzi, amatsata masiku a msika, ndipo foni sindinamuone nayo. Siyani nambala kwa anyamata owotcha nyama aja, iwowo amadziwa aliyense.

Agogo a Chisomo:
Mwanawe wandikumbutsa kutali. Ife tinakula nazo pa MBC nthawi imene wailesi inali imodzi yokha dziko lonse, mabatire akafooka timawayanika padzuwa kuti tisaphonye pulogalamu. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege mu 1964 koma kwathu ku Dedza tinkamumvera ngati ali moyo kwinakwake, kenako Don Williams, amene anafika mpaka ku Harare mu 1997, ife kungomva nkhani ndalama ya basi palibe. Chingerezi chake sichithamanga, umamva liwu lililonse, ndipo nkhani zake ndi zathu zomwe: mkazi wathawa, munda, sitima, munthu ali kutali ndi kwawo ngati amalume athu a ku Joni. Komanso zoyenda wekha ndi gitala sizachilendo kuno, a Daniel Kachamba a ku Chileka ankaimba gitala ndi mouth organ nthawi imodzi.

Nabanda47:
Ukampeza umufunse ngati amatha za western zenizeni, chifukwa ambiri amangosakaniza. Zija ndi nthano, mahatchi, mfuti, munthu kufera mkazi, ngati El Paso ya Marty Robbins ya 1959 yomwe imadutsa mphindi zinayi ndipo woimbayo amafotokoza mpaka imfa yake yomwe. Koma chonde usamuikire PA system ya pa chinkhoswe, mungaononge zonse, mpando pakhonde ndi tiyi zakwana. Mtengo mugwirizane asanakhudze gitala.

Mwana wa ku 25:
Zikomo agogo, za mabatirezo bambo amanenanso ndimkaona ngati akunama kkkk. Achimwene a kabaza, mukamuona kaye musanamunyamule wina aliyense mubwere naye ku 25, ya ulendo ndilipira kawiri.