Kodi zithunzi za setilaiti zingationetse pokumba mjigo?

Kamtsinje:
Akuluakulu, ndikukonza mapu a madzi apansi panthaka m'dera la thanthwe la granite, komwe mvula imagwa miyezi inayi basi. Ndili ndi QGIS (pulogalamu ya kompyuta yokonzera mapu), SRTM (mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo) ya mamita 30 ndi zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2. Ndiyambire pati? Nanga setilaiti ya GRACE ingandithandize?

Wamiyala:
GRACE isiyeni kaye. Inkayeza kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko mpaka 2017, ndipo inkaona bwino dera la makilomita pafupifupi 300 mulifupi. Ndi ya chigwa chonse cha mtsinje waukulu, osati mudzi.

Setilaiti siona madzi apansi, imangoona zizindikiro. Pa granite madzi amakhala m'thanthwe lofumbutuka la pamwamba ndi m'ming'alu ya pansi pake. Ming'aluyo ndiyo muisake. Pangani hillshade (chithunzi choonetsa mithunzi ya zitunda ndi zigwa) kuchokera ku SRTM kanayi, kuwala kukuchokera pa madigiri 0, 45, 90 ndi 135. Mukapanga kamodzi kokha, mng'alu wolunjika komwe kukuchokera kuwala suoneka n'komwe. Mizere mwajambulayo muiike pa Sentinel-2, mufufute misewu, malire a minda ndi njira za mawaya a magetsi. Ambiri amakodwa apa, makamaka akasiyira kompyuta kuti ijambule yokha. Pomwe ming'alu iwiri yapingasana, pamalo potsika, ikanipo chizindikiro.

Mwinimapu:
Kuwonjezera pa zomwe anena a Wamiyala, werengerani NDVI (muyeso wa kubiriwira kwa zomera) pogwiritsa band 8 ndi band 4 (mitundu ya kuwala) ya Sentinel-2, koma ya kumapeto kwa chilimwe. Ya m'dzinja n'kutaya nthawi, paliponse pamakhala pobiriwira. Tengani zaka zitatu kapena kuposa. Mitengo yobiriwirabe chaka ndi chaka motsata mzere umodzi, mizu yake ikumwa penapake. Chenjerani ndi minda yothirira, komanso madambo a makande omwe amasunga chinyezi pamwamba pomwe pansi palibe kanthu.

Za mvula tengani CHIRPS (kaundula wa mvula wochokera ku setilaiti ndi malo oyezera mvula), ili ndi zaka kuyambira 1981 pa makilomita pafupifupi 5. Musangoona kuchuluka kwa mvula pachaka. Kumadera ouma madzi amalowa pansi kwambiri ikagwa yamphamvu motsatizana. Yowaza imathera m'mizu ndi padzuwa.

Pophatikiza zonsezi ambiri amagwiritsa AHP (njira yopatsa chizindikiro chilichonse mlingo wa kufunika kwake), n'kusangalala kuti nambala yake yotchedwa consistency ratio yatsika pansi pa 0.1. Nambalayo imangoti simunadzitsutse popereka mlingo, sikuti mapu alondola. Ayeseni ndi mijigo yomwe ilipo kale: ina mukonzere mapu, ina muisunge yoyesera. Ndipo funafunani mijigo yomwe inakumbidwa osapeza madzi. Kawirikawiri silembedwa, ndiye mapu amaoneka anzeru kuposa mmene alili.

Kamtsinje:
Zikomo akuluakulu. Ndiye mapu akasonyeza malo abwino, tingaitane okumba?

Wamiyala:
Ayi ndithu. Kadontho kamodzi ka SRTM ndi mamita 30, pomwe mng'alu wa madzi ungakhale wopapatiza kwambiri. Mukauphonya ndi mamita ochepa, mjigo wauma. Mapu angokuchepetserani poyenda. Pitani ndi makina a resistivity (oyeza mmene nthaka imakanira magetsi kudutsa), muyeze modutsa mzerewo, kenaka muyeze kuya pomwe manambala atsika. Akatsikitsitsa, pansi pa 10 ohm-m, musathamangire kukondwa: nthawi zambiri amakhala makande kapena madzi amchere.

Mukakumba, kuyesa kopopa kuchitike m'chilimwe ngati n'kotheka, madzi ali pansi penipeni, pokumbukira kuti pampu yopopa pamanja ya Afridev imakoka mpaka mamita 45. Madziwo apitenso ku labotale. Fluoride (mchere wa m'miyala womwe ukachuluka m'madzi umaononga mano ndi mafupa) saoneka pa chithunzi chilichonse, ndipo malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi mamiligalamu 1.5 pa lita.