Extract ikupha tizilombo ta malungo, koma ndikaigawa mphamvu ikutha. Ndilowere kuti?

Akuluakulu a gulu lino, makamaka inu amene munadutsa kale mu labotale za malungo kapena za chemistry ya zomera, ndigawireniko nzeru. Ndikuchita digiri yachiwiri, ndipo ndikufufuza ngati makungwa a mtengo wina angaphe Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo. Dzina la mtengowo ndalisunga kaye poti sitinasindikize kalikonse.

Makungwawo ndinawaumitsa, kuwapera, n'kuwaviika mu methanol. Extract yake (zomwe methanol yatulutsa m'makungwamo) ndikaithira pa tizilombo ta malungo ta mtundu wa 3D7 tomwe timaweta m'maselo ofiira a magazi, n'kuwerenga ndi utoto wowala wa SYBR Green patatha maola 72, tizilombo timafa ndithu. Pa ta mtundu wa Dd2, tomwe sitimva chloroquine, n'chimodzimodzi. Maselo a chiwindi cha munthu a HepG2 siikuwapweteka kwenikweni. Vuto likubwera ndikaidutsitsa pa column ya silica (chubu chodzaza ufa wosefera) kuti ndipatule zomwe zilimo. Fraction iliyonse (gawo lopatulidwalo) ikutuluka yofooka, ina ndiye ziii. Pa slide yopaka utoto wa Giemsa, pomwe ndathira fraction, timphete ta tizilombo tili mbwee m'maselo, pomwe pa extract yosagawa mumangoona totsalira tokhwinyata.

Ondiyang'anira akuti nthawi yatha, tingolemba za extract yosagawayo n'kumaliza. Ine mtima sukulola. Mapepala oti chomera chakutichakuti chimapha malungo mu labotale ndi ankhaninkhani, ndipo ambiri amathera pomwepo chifukwa satchula chinthu chenicheni chomwe chikupha. Komanso nthawi ino si yosewera. Vuto la tizilombo kusamva bwino mankhwala a malungo a artemisinin, lomwe linayambira ku Cambodia, linatsimikizika ku Rwanda mu 2020, kenako ku Uganda ndi ku Eritrea, chifukwa cha kusintha kwa jini ya kelch13. Ngati mu mtengowu muli kanthu, ndikufuna ndikadziwe dzina lake.

Ndimaganizira za Tu Youyou, wasayansi wa ku China amene anapeza artemisinin. Artemisia annua, chomera chomwe mankhwalawo amachokera, inkapereka zotsatira zosadalirika mpaka mu 1971, pamene anasiya kuwiritsa n'kugwiritsa ntchito ether pa kutentha kochepa. Kodi nanenso ndikupha mankhwala ndi kutentha pouma ma fraction? Kapena akumatirira pa silica? Kapena ndi zinthu zingapo zomwe zimagwira ntchito zikakhala pamodzi? Kapena ndisiye makungwa, nthawi yotsalayi ndiyeze ma compound odziwika kale, monga omwe bungwe la Medicines for Malaria Venture (MMV) limapereka kwa ofufuza?

Yankho loyamba:
Achemwali, musanapite patali, yang'anani ngati extract yanuyo siikuphulitsa maselo ofiira. Thirani pa magazi opanda tizilombo, zungulitsani mu centrifuge, muone ngati madzi apamwamba afiira. Ma saponin, zinthu zochita thovu za m'zomera, amachita zimenezo, ndipo selo ikaphulika kachilombo kamafa nako, inu n'kumati mwapeza mankhwala. Chachiwiri, makungwa amadzaza ma tannin, omwe amamata mapuloteni alionse osasankha. Dutsitsani extract pa polyamide, ufa wogwira ma tannin, kuti achoke. Mphamvu ikatha pamenepo, yankho mwalipeza, ngakhale ndi lowawa.

Yankho lachiwiri:
Ine ndinganene kuti musakhudze column ina musanachite ichi: sakanizaninso ma fraction onse molingana ndi kulemera komwe anatuluka nako, muyeze. Mphamvu ikabwerera, ndiye kuti zinthuzo zimathandizana. Ikapanda kubwerera, yatsalira pa silica kapena yawonongeka panjira. Yezaninso pa sikelo zomwe munathira ndi zomwe zatuluka, kusiyana kwake kukuuzani zambiri. Silica imakhala ndi asidi pang'ono, ndipo ma alkaloid amakakamira zedi. Kadontho ka triethylamine mu solvent kamathandiza. Mukhozanso kuyamba ndi kugawa pakati pa hexane, ethyl acetate ndi butanol, kenako column ya Sephadex LH-20, yomwe siiwononga zinthu kwambiri. Madzi a rotavap, makina oumitsira ma fraction, asapitirire madigiri 40.

Yankho lachitatu:
Mwana wanga, ine ndayang'anirapo ophunzira, ndipo aphunzitsi anuwo ndikuwamvetsa. Akuopa kuti mungatuluke chimanjamanja. Musakangane nawo. Apitireni ndi pepala limodzi lolemba zoyeza zitatu zomwe anzanu atchulazi, magazi, polyamide ndi kusakanizanso, muwapemphe nthawi yochepa yodziwika. Chilichonse chotuluka pamenepo ndi mutu wathunthu wa thesis, ngakhale chitasonyeza kuti anali ma tannin. Zosintha kafukufuku panopa ayi, sindingakulangizeni. Ma compound a MMV ayezedwa kale ndi ma labotale ambiri, ndipo funso lanu latsopano mulibe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi magazi opanda tizilombo ndi kusakanizanso ma fraction, poti zonsezo zipangizo zake zilipo. Polyamide tilibe. Achimwene a yankho loyamba, kodi PVPP kapena gelatin zingalowe m'malo mwake osatenganso zinthu zina zomwe ndikufunazo?