Ndalama yotumizira katundu wogulitsidwa pa eBay

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndikufuna kugulitsa mikeka ndi madengu a mlaza pa eBay, msika wa pa intaneti uja. Kodi ndalama yotumizira ndiziwerengera motani kuti wogula asadandaule, inenso ndisaluze?

Wa ku Bangula: Achimwene, yambani mwalongedza katunduyo, kenako mukamuyezetse ku positi ofesi, chifukwa mtengo umatengera kulemera kwake ndi dziko limene akupita. Muwonjezerepo ya katoni ndi yoyendera basi. Phindu lanu likhale pa mtengo wa dengulo.

Wa ku Ngabu: Dziwaninso kuti eBay imadula gawo lake ngakhale pa ndalama yotumizirayo. Ine ndimakonda EMS, njira ya ku positi yotumizira katundu mwachangu, ingakhale yodula, popeza wogula amatha kulondola phukusi lake ndi nambala mpaka limupeze.

Wa ku Nchalo: Zikomo kwambiri, mawa ndikayezetsa dengu limodzi.