Thumba la masheya loyenera munthu amene watsala pang'ono kupuma pantchito

Mphunzitsi59

Ndatsala ndi zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndipume pantchito, ndipo popeza ana onse anamaliza sukulu, mwezi uliwonse ndimatsala ndi ndalama zomwe sindikufuna kuti zingogona ku banki pamene mitengo ya zinthu ikukwera. Penshoni ndili nayo, koma idzangokwanira zofunika za tsiku ndi tsiku. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti ena amayamikira matumba oyendetsedwa ndi akatswiri osankha makampani, pamene ena amati index fund, thumba longotsata msika popanda katswiri wosankha makampani, ndiyo yabwino. Kodi munthu wa msinkhu wanga asankhe bwanji?

Wopuma_kale

Bambo, musanafike posankha thumba, yambani mwadzifunsa kuti ndalamazi mudzazifuna liti. Kuyambira mu October 2007 mpaka mu March 2009, S&P 500, yomwe imatsata mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa ndi kupitirira theka, ndipo mitengo inabwerera pomwe inali mu 2013. Wachinyamata amene ankalandirabe malipiro anangodikira, mwinanso anagula masheya ambiri motchipa, koma amene anali atangopuma pantchito ndipo ankadalira ndalamazo pa chakudya ndi mankhwala anakakamizika kugulitsa pa mtengo wogwa, ndipo zimene anagulitsazo sizinabwererenso ngakhale msika utadzuka. Vuto lenileni la ife achikulire lagona pamenepa.

Ine ndinagawa ndalama zanga pawiri. Zomwe ndingazifune m'zaka zisanu zikubwerazi ndimazisunga m'mabondi a boma a nthawi yochepa (kubwereketsa boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongoladzanja) ndi ku banki, ndipo zotsalazo ndi zomwe zimapita ku masheya. Ngati penshoni yanu ikukwanira pa zofunika monga mwanenera, ndiye kuti muli ndi mpata wodikira woposa wa anthu ambiri.

Wowerengera

Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma ndiyankhe funso lenileni. Choyamba kuyang'ana pa thumba lililonse ndi ndalama zomwe oliyendetsa amadula chaka ndi chaka, chifukwa zimenezi amadula kaya msika wakwera kapena wagwa. Kusiyana kwa 1 peresenti pachaka kumaoneka kochepa, koma pa zaka 20 kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ndalama zomwe mukanakhala nazo. N'chifukwa chake John Bogle, amene anayambitsa kampani yoyendetsa matumba a masheya ya Vanguard, anatsegulira anthu wamba index fund mu 1976: thumba longogula masheya a makampani onse omwe ali pa mndandanda, popanda kulipira katswiri woti azilosera. Akatswiri ena amapambanadi msika chaka china, koma kudziwiratu amene adzapambane zaka khumi zikubwerazi n'kovuta, ndipo thumba lomwe lachita bwino chaka chatha silikulonjezani kanthu.

Chachiwiri, musadalire dziko limodzi kapena mtundu umodzi wa makampani. Nikkei, yomwe imatsata mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku Japan, inafika pachimake mu December 1989, ndipo inadzadutsanso pamenepo mu February 2024, patapita zaka zoposa 34. Munthu wa zaka 59 sangadikire motero. Thumba logula masheya m'mayiko ambiri nthawi imodzi ndilo ndingasankhe ine, ndikumaikamo pang'onopang'ono mwezi uliwonse.

Mphunzitsi59

Zikomo kwambiri nonse. Nanga matumba omwe amalonjeza madividendi ambiri, si abwino kwa wopuma pantchito?

Wowerengera

Amakopa, koma samalani. Kampani ikagawa dividendi, lomwe ndi gawo la phindu lopita kwa eni masheya, mtengo wa sheya lake umatsika pafupifupi ndi ndalama yomweyo, choncho si mphatso yapadera, ndipo matumba otere nthawi zambiri amadzaza mabanki ndi makampani a magetsi kapena mafuta okhaokha. Popeza mukadali pantchito ndipo simukufuna ndalamazo panopa, sankhani thumba lobwezera phindulo m'masheya, ndipo mufunsenso za msonkho umene dziko lanu limadula pa madividendi musanasaine.