Njoka zafika pakhomo pathu: kodi parafini amathandizadi?

Mayi wa ku Salima:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mudakumanapo ndi vuto limeneli. Chiyambireni mvula mu Disembala, taona njoka kawiri: yoyamba inali mphiri imene idadzipinda pansi pa mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo yachiwiri idalowa m'khola la nkhuku usiku n'kumeza mazira. Anzanga akuti ndithire parafini kuzungulira nyumba kapena ndiwotche matayala akutha. Ine mtima uli m'mwamba chifukwa ana anga amasewera pabwalo lomwelo.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Amayi, parafiniyo ndidamuthirapo, koma mvula itangogwa fungo lidatha, ndalama n'kulowa m'madzi. Njoka imabwera pakhomo chifukwa cha zinthu ziwiri, chakudya ndi pobisala, choncho yambani ndi makoswe. Kwathu zinkabwera kawirikawiri pamene madeya ndi chimanga zinkangotayika pansi pa nkhokwe, ndipo zidachepa titayamba kusesa pamenepo ndi kusunga madeya m'chidebe chotsekeka. Njerwazo muzisunthe kutali ndi nyumba, koma muzigwetse kaye ndi mtengo wautali musanapisemo dzanja, poti mphiri sithawa. Imangokhala phee mpaka munthu ataiponda. Nkhuni muziike pathandala, udzu muutchetche, mazira muzitola tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba:
Ndiwonjezepo za usiku, pakuti ndi nthawi imene ambiri amalumidwa. Njoka yolavulira m'maso ija imalowa m'nyumba kudzera pampata wa pansi pa chitseko, ndiye tsekani mpatawo pamodzi ndi ming'alu ya m'khoma. Ana azigona m'neti yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi, ndipo wopita kuchimbudzi atenge tochi ndi kuvala nsapato. Madzi asamadikhe pafupi ndi mpopi, chifukwa amaitana achule, amenenso ndi chakudya cha njoka.

Namwino wa ku Mchinji:
Amayi, wina akalumidwa musamuteme mphini, musayamwe balalo, ndiponso musamange mwendo mothinitsa ndi chingwe. Mugonekeni asayendeyende, muvuleni mphete ndi zibangili chiwalo chisanatupe, kenako mumunyamule kupita kuchipatala msanga. Ngati yamulavulira m'maso, mutsukeni ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, osatikita, ndipo apitebe kuchipatala.