Mpweya ukumandithera mu raundi yachiwiri, ndipange bwanji?

Wa pa Chitakale:
Akuluakulu ndithandizeni. Nkhonya ndinayamba chaka chatha ndipo mwezi wamawa ndili ndi fayiti yachitatu, maraundi atatu a mphindi 3. Mmamawa uliwonse ndimathamanga ola lathunthu njira ya ku Likhubula osaima olo kamodzi, koma mu ring'i raundi yoyamba ndimakhala bhobho, ikafika yachiwiri manja amangogwa okha ngati ndanyamula ndowa ziwiri za madzi, kukamwa gwa, kuchita kuona nyenyezi. Kodi ndionjezere mtunda kapena?

Mkulu wa ku Luchenza:
Usaonjezere mphwanga. Ukudziphunzitsa kuthamanga mwakachetechete pomwe nkhonya ndi zoyaka nkuzima, kuyaka nkuzima. Kuthamanga kwakutaliko uzichita kawiri pa sabata basi. Masiku ena awiri peza kachitunda, kwanuko mmbali mwa minda ya tiyi zitunda sizisowa, kwera ndi liwiro lonse masekondi 30, tsika ukuyenda, kweranso, kasanu ndi katatu kakukwana poyamba. Madzulo pa bag menya mphindi 3 kupuma imodzi ngati mmene zimakhalira tsikulo, ndipo masekondi 30 omaliza a raundi iliyonse uzimenya osalekeza mpaka mapewa atenthe, paja ndi pomwe anyamata ambiri amagwetsa gadi. Chingwe uzidumphanso mmaraundi momwemo.

Koma chomwe ndikukayikira kwambiri, iwe umagwira mpweya ukamaponya. Ineyo ndinali choncho, mano kulumana, zibakera kufinya raundi yonse ngati ndagwira ndalama ya lendi. Kochi wathu ankaima kumbuyo kwanga kumvetsera, akapanda kumva "tss tss" pa nkhonya iliyonse ndiye mapushapu 20 pompo. Tulutsa mpweya ukamamenya, chibakera uzifinya pokhapo chikufika.

Nyamulakatundu:
Kkkkk bwera udzalowe Porters Race, mpikisano wothamanga mphiri la Mulanje uja aise, ukakwera ku Chambe nkutsikira ku Lichenya befu ameneyo adzakusiya yekha

Mkulu wa ku Luchenza:
Miyendo ya anyamata a mphiri sinditsutsa ayi, koma phiri silibwezera chibakera. Munthu ukamenyedwa cha mnthitimu mpweya umathawa olo utakhala wothamanga bwanji, nchifukwa chake sparring, kumenyana koyeserera ndi mnzako, kawiri pa sabata njofunika, thupi lizolowere kupuma uku likuopa. Isaac Chilemba anatha maraundi 12 ndi Kovalev ku Russia mu 2016, anagwa mu raundi 7 nkudzuka kumaliza fayiti yonse. Kaonere pa YouTube, uone mmene amamasulira mapewa akatalikirana.

Mayi wa pa Boma:
Achimwene nanga mukudya chani? Mchimwene wanga ankavala mapepala apulasitiki mkati mwa jekete kuti sikelo itsike msanga, tsiku la fayiti anali wofooka ngati wodwala malungo, zomwe zinachokazo anali madzi osati mafuta. Idyani nsima yanu ndi nandolo kapena usipa, mazira akapezeka, nthochi mukangomaliza training, madzi pafupipafupi. Sabata yomaliza muchepetse zolemetsa, muzigona mokwanira.

Wa pa Chitakale:
Eeh za kugwira mpweyazo mwandigwira pakhosi akulu, gamshildi yanga inachita kubooka ndi kuluma. Kachitunda ndakapeza kale kuseri kwa kwathu, ndiyamba Lolemba. Zapulasitikizo amayi musanene mokweza, dzulo lomweli ndinavala.